Funsani Amisiri: Google Earth pa Makompyuta Athu a Kuno ku Tete

Makalata a mwezi uno tawamanga mtolo umodzi chifukwa onse akudandaula za pulogalamu imodzi, Google Earth, ija yoonetsa dziko lozungulira ngati mpira loti ulitembenuze ndi mausi mpaka uone denga la nyumba yako. Makompyuta ambiri kuno ali m'Chipwitikizi, pomwe odzera pa Calómuè ndi pa Zóbuè kapena ochokera ku Joni ali m'Chingerezi. Choncho mayina a mabatani tiziwatchula m'zilankhulo zonse ziwiri pomwe pakufunika.

Sukulu yathu idalandira makompyuta asanu ndi imodzi akale, ena a Windows 7, ena a Windows 10. Ndidakatsitsa Google Earth ku Ulónguè n'kuisunga m'flashi, koma kuno palibe kompyuta ndi imodzi yomwe imene yalola. Ikungozungulira, kenako n'kunena kuti palibe intaneti. Kodi adandipatsa yabodza?
*Mphunzitsi wa jogalafe, Dómuè*

Aphunzitsi, si yabodza ayi, koma mudanyamula mthenga n'kusiya katundu. Mukadina batani lalikulu pa tsamba la Google pamatsika kafayilo kotchedwa GoogleEarthProSetup.exe. Mulibe pulogalamu m'menemo. Ntchito yake n'kupita pa intaneti kukaitana pulogalamu yeniyeniyo, ndiye pamalo popanda netiweki kamangozungulira mpaka kutopa.

Mukabwereranso ku Ulónguè, lembani mu Google mawu akuti Google Earth Pro direct installers, n'kutsegula tsamba la thandizo la Google lenilenilo, osati masamba ena odzaza ndi mabatani obiriwira. Pamenepo pali mafayilo athunthu. Dzina lake limayamba ndi googleearthprowin, kutsatira nambala ya 7.3, ndipo safika mamega 100. Fayilo imodzi imakwanira makompyuta onse ofanana, mukungosuntha flashi.

Tati ofanana chifukwa Windows ilipo ya 32-bit ndi ya 64-bit, ndipo pulogalamu ya 64 siilowa pa Windows ya 32. Musananyamuke, pitani pa kompyuta iliyonse, dinani batani lakumanja la mausi pa Este PC kapena This PC, limene pa Windows 7 limatchedwa Computador, n'kusankha Propriedades. Mzere wa Tipo de sistema ukuuzani. Pa tsamba lomwelo onaninso RAM. Google imati pafunika 2 GB kuti pulogalamuyi ingodzuka, ndi 4 GB kuti iyende bwino, komanso malo osachepera 2 GB pa disiki. Kompyuta ya 2 GB imatha, bola asakulu asatsegule china chilichonse pambali.

Poika, dinani batani lakumanja pa fayiloyo n'kusankha Executar como administrador. Makompyuta a mphatso kawirikawiri amabwera ndi akaunti ya ana yopanda mphamvu yoika chinthu, ndiye pafunika mawu achinsinsi a akaunti yaikulu. Ikatulutsa nambala 1603, nthawi zambiri ndiye kuti mudali kale Google Earth ina imene siidachotsedwe bwino. Ichotseni kudzera pa Painel de Controlo, zimitsani kompyuta, yatsaninso, muyambirenso. Windows 10 ikakana n'kunena kuti imalola za mu Microsoft Store zokha, mwina kompyutayo ili mu S mode. Kutulukamo n'kwaulere, koma kumafuna intaneti ndipo mukatuluka simubwereranso.

Wina asakulipitseni za layisensi. Google Earth Pro idali ya madola 399 pa chaka, koma kuyambira mu Januwale 2015 ndi yaulere. Amene akugulitsa ya "kiraki" akukugulitsani mavairasi.

Tsopano chokhumudwitsa n'chakuti ngakhale mutaiika bwino, zithunzi za dziko sizili m'kompyutamo. Zimatsika pa intaneti pamene mukuyendetsa mausi. Yankho lachitatu m'munsimu likusonyezani mochenjerera mwake, koma pa makompyuta amene sadzaona netiweki n'komwe, tengaponi pulogalamu ina yaulere yotchedwa Marble. Imabwera ndi mapu a dziko lonse m'kati mwake. Denga la sukulu simuliona, koma makontinenti, mitsinje ikuluikulu, mizere ya latitude ndi longitude, ndi mthunzi wosonyeza kumene kwada ndi kumene kwacha, zonse zilimo. Pa phunziro la jogalafe izi n'zokwana.

Pulogalamu idalowa bwinobwino pa laputopu yanga ya kaunjika. Ndikaitsegula ndikuona nyenyezi zokha, dziko kulibe. Tsiku lina imangotsekeka yokha.
*aPhiri, Moatize*

APhiri, apa pali matenda atatu ofanana zizindikiro. Yambani ndi otchipa.

Yang'anani tsiku ndi nthawi pakona ya m'munsi kumanja. Ngati kompyuta ikuti tili mu 2009 kapena 2012, mwapeza wolakwa. Google Earth imalumikizana ndi makina a Google kudzera pa njira yotetezedwa, ndipo ziphaso za njirayo zili ndi masiku ake. Wotchi ikasokonekera, kompyuta imaona ngati ziphasozo n'zabodza n'kukana kulandira zithunzi, ngakhale mamega alimo. Konzani tsiku. Likabwereranso m'mbuyo mukazimitsa, kabatire kosunga wotchi katha. Pa kompyuta ya patebulo ndi kaja kangati kandalama kachitsulo kolembedwa CR2032, ndipo mutha kusintha nokha. Pa laputopu kamabisika pansi pa kiyibodi kapena chivundikiro, nthawi zina kali ndi kawaya, ndiye apatseni amisiri.

Tsiku likakhala lolondola, vuto lili pa zojambulira zithunzi. Pa Windows pulogalamuyi imajambula dziko m'njira ziwiri, DirectX ndi OpenGL, ndipo makompyuta akale ambiri amadziwa imodzi n'kupunthwa pa inzake. Pitani pa Ferramentas, Opções, tsamba loyamba la 3D, musinthe kuchoka pa imene ilipo kupita pa inayo, mutseke pulogalamu n'kuitsegulanso. Ngati ikutsekeka musanafike n'komwe pa mabataniwo, lowani mu C:\Program Files\Google\Google Earth Pro\client mutsegule repair_tool.exe. Kachida kameneka kamayenda pakokha. Kali ndi batani losinthira njira ziwiri zija, lofufutira zithunzi zosungidwa zimene mwina zidaonongeka magetsi atazima mwadzidzidzi, ndi loyatsira safe mode, imene imachepetsa zokongoletsa kuti kompyuta ipume. Dinani limodzi, yesani, kenako linalo. Mukadina onse nthawi imodzi simudziwa chimene chachiza. Batani lofufuta My Places musalikhudze, chifukwa limachotsa malo onse amene mudaika chizindikiro.

Zikakanikabe, funsani amene adakuikirani Windows ngati adaika dalaiva wa zithunzi, kapulogalamu koyendetsa zojambulira zithunzi zija. Tsegulani Gestor de Dispositivos, muone pa Placas gráficas. Pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter kapena Standard VGA m'malo mwa Intel, AMD kapena NVIDIA, ndiye kuti ntchito idasiyidwa panjira. Dalaivayo amapezeka pa tsamba la kampani yopanga laputopuyo, mukalemba nambala ili kunsi kwake.

Ngati si pulogalamu yokha koma laputopu yonse imene ikuzima pakapita mphindi khumi, ndi kutentha. Kutembenuza dziko kumagwiritsa ntchito yakalavulagaga tizipangizo tam'kati, ndipo inu mukudziwa mmene Moatize amawirira mu Okutobala, fumbi lili tolo. Fani ipukutidwe, ndipo laputopu isamakhale pa matiresi kapena pa chitenje chotseka mabowo a mphepo.

Ndine mlangizi wa zaulimi. Kumidzi kumene ndimayendera alimi a fodya netiweki imasowa. Kodi ndingagwiritse ntchito Google Earth kumeneko? Komanso ikundithera mamega koopsa.
*Mayi mlangizi, Furancungo*

Mayi, n'zotheka, koma muyenera kuidyetseratu muli pa boma.

Chithunzi chilichonse chimene mwaona, pulogalamuyi imachisunga m'nkhokwe yake yotchedwa cache. Mukabwerera pamalo omwewo imatapa m'nkhokwemo osati pa intaneti, ndipo imatapabe ngakhale netiweki palibe. Nkhokweyi ili ndi malire. Pitani pa Ferramentas, Opções, Cache, ndipo pa mzere wa disiki lembani 2048, amene ndi mapeto ake. Ikadzaza, zakale zimatayidwa kuti zatsopano zilowe. N'chifukwa chake mwana akaigwira madzulo n'kukaona mabwalo a mpira a ku Ulaya, m'mawa mupeza midzi yanu yafufutika.

Kudyetsa kwake n'kotere. Kumanzere m'munsi, pa Camadas kapena Layers, chotsani zochonga zonse, musiye za misewu ndi za mayina a malo, ndi Terreno ngati mukufuna kuona mapiri ndi zigwa. Zithunzi za alendo ndi nyumba za 3D n'zongodya mamega. Kenako tsikani pa mudzi woyamba kufikira pamene mukusiyanitsa chigafa ndi nyumba. Pakona ya m'munsi kumanja pamalembedwa kutalika kumene diso lanu lili, ndipo mamita 500 mpaka 1,000 amakwana pa ntchito ya minda. Pakona yomweyo pali kabwalo kakang'ono kamene kamazungulira zithunzi zikamatsika. Dikirani kaime, ndiye musunthe ndi mivi ya pa kiyibodi, theka la sikirini nthawi imodzi, ngati mukupalira mzere ndi mzere. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa: amathamanga, kabwalo kasanaime, n'kukapeza kumudzi chithunzi chambuu ngati cha m'madzi. Kumbukiraninso kuti chimasungidwa ndi chimene mudaona pa kutalika kumeneko. Ngati simudatsike pafupi muli pa boma, simudzatsika muli kumunda.

Bokosi lofufuzira mayina siligwira popanda intaneti, ndiye mudzi uliwonse muuike chizindikiro muli pompo. Dinani Ctrl, Shift ndi P pamodzi, mulembe dzina. Musananyamuke yeserani: zimitsani data, tsekani pulogalamu, itseguleninso. Idandaula kuti siikupeza makina a Google. Tsekani uthengawo, dinani chizindikiro chimodzi, muone ngati chithunzi chili chowala.

Dera lanu likakula kuposa 2 GB, ligaweni. Nkhokwe ija ndi foda yotchedwa Cache, ili mu C:\Users\dzina lanu\AppData\LocalLow\Google\GoogleEarth. Mukamaliza chigawo chimodzi, tsekani pulogalamu, koperani fodayo kwina n'kuipatsa dzina la chigawocho. Tsiku lopita kumeneko ibwezereni pamalo pake ndi dzina lake lija la Cache, pulogalamu ili chitsekere. Foda ya AppData imabisika, ndiye lembani %localappdata%low pa mzere wa adiresi pamwamba, ikufikitsani pomwepo.

Za mamega, musaiponyere mlandu wonse Google Earth. Laputopu ikalumikizidwa ku foni, Windows imayesa ili pa intaneti yosatha n'kuyamba kutsitsa zodzikonzera, ndipo bandulo ya Movitel kapena Vodacom imatha musanatsegule n'komwe mapu. Pa laputopupo, lowani pa makonzedwe a Wi-Fi ya foniyo muyatse Metered connection, m'Chipwitikizi Ligação com tráfego limitado. Mu Google Earth momwemo, mukaima pa Furancungo, pitani pa View musankhe Make this my start location, kuti iziyambira kwanu m'malo moulukira kumadera achabe.

Pa njinga yamoto laputopu ndi katundu. Sungani zizindikiro zanu ngati fayilo ya KMZ, mtundu wa fayilo umene Google Earth imasungiramo malo, muitumize ku foni, muitsegule mu Organic Maps kapena OsmAnd. Awa amatsitsiratu mapu a OpenStreetMap n'kumayenda ndi GPS ya foni yopanda data. Ndi mapu ojambulidwa, opanda zithunzi za setilaiti, koma kadontho kosonyeza pamene muli kamayenda nanu.

Ng'ombe zanga zitatu zidabedwa usiku wa Lachiwiri. Mphwanga akuti pa Google Earth tingaone kumene adazilowetsa. Zoona?
*aBanda, Chifunde*

Pepani ndi zakugweranizi, aBanda, koma mphwanuyo adamva molakwika. Google Earth si kamera yoyang'ana dziko nthawi zonse. Ndi zithunzi zakale zosokedwa pamodzi ngati zigamba, ndipo zonse zidajambulidwa masana. Tsikani pafupi ndi khola lanu muwerenge m'munsi mwa sikirini, pamene alemba Data das imagens kapena Imagery Date. Kumidzi si zachilendo kupeza chithunzi cha zaka zingapo zapitazo, ndipo munda woyandikana nawo utha kukhala wa chaka china. Pitani kwa amfumu ndi kupolisi mapazi asanafufutike.

Ukale womwewo uli ndi ntchito yake. Pamwamba pali batani la kawotchi, limene limatulutsa kachingwe kobwezera zaka m'mbuyo. Imani pa mzinda wa Tete n'kukokera kumanzere: mlatho wa Kassuende, umene udatsegulidwa mu 2014, uzimiririka n'kutsala wa Samora Machel wokha pa Zambezi. Pa Moatize mutha kutsatira mmene migodi ya malasha yakulira chiyambire kukumba kwakukulu mu 2011. Mukakwera m'mwamba kwambiri, zaka zimabwerera mpaka 1984 ndi zithunzi za masetilaiti a Landsat. Pa zimenezo kadontho kamodzi ndi mamita 30, kotero nyumba siioneka, koma gombe la nyanja ya Cahora Bassa ndi kutha kwa nkhalango zimaoneka bwino.

Ndikufuna kudziwa kukula kwa munda wanga wa kachewere. Komanso tili pa mkangano wa malire ndi msuweni wanga. Kodi ndikasindikiza chithunzi cha pa Google Earth chingandithandize kupeza DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo?
*aNgozo, Tsangano*

ANgozo, funso loyamba yankho ndi inde, lachiwiri ayi.

Musanayeze, dinani U pa kiyibodi kuti muyang'ane munda kuchokera pamwamba penipeni, kenako N kuti kumpoto kukhale kumtunda kwa sikirini. Chithunzi chikapendekeka, ngodya zakutali mumazidina pamalo olakwika, makamaka pa mapiri ngati a kwanuko. Kenako dinani batani la rula pamwamba, musankhe Polígono, ndipo pa kukula musankhe mahekitala. Dinani pa ngodya iliyonse ya munda mozungulira, ndipo pamene malire akhota muwonjezere timadontho. Nambala imasintha mukamadina. Mukamaliza dinani Guardar kuti mpandawo usungike. Hekitala imodzi ndi mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndipo ngati mumawerengera maekala monga abale a ku Ntcheu, hekitala ndi maekala 2.47.

Pa munda waung'ono dzanja lisanjenjemere. Tiyerekeze munda wa mamita 50 mbali zonse, umene ndi kota ya hekitala, masikweya mita 2,500. Mukalumphitsa mamita atatu okha mbali iliyonse, mwina poyesa mthunzi wa mitengo kuti ndi malire, munda ukhala 56 kwa 56, masikweya mita 3,136. Mwaukulitsa ndi gawo limodzi mwa anayi, ndipo kulakwitsa kumeneko kukaonekera pa matumba a feteleza ndi mbewu. Sankhani chithunzi cha m'chilimwe kudzera pa kawotchi, pamene mizere ndi njira zikuoneka. Dziwaninso kuti pulogalamuyi imayeza munda ngati wagona pathyathyathya, ndiye pa chitunda chotsetsereka tepi yoyala pansi idzapereka nambala yokulirapo pang'ono.

Za malire ndi nkhani ina. Chithunzi chonse chimatha kutsetsereka mamita angapo kuchoka pamalo ake enieni, ndipo mutha kudzionera nokha: ikani chizindikiro pa ngodya ya nyumba, n'kusintha zaka pa kawotchi, muona nyumba ikuchoka pa chizindikirocho. Kutsetserekaku sikusintha kwenikweni kukula kwa munda, popeza ngodya zonse zimasuntha pamodzi, koma pa mkangano wa mizere iwiri ya kachewere ndiye mlandu wonsewo. GPS ya foni nayo imaphonya ndi mamita ngati asanu pabwalo poyera. Lamulo la Malo la 1997 limati nthaka ndi ya Boma, ndipo ufulu woigwiritsa ntchito umabwera m'njira zitatu: kukhala pamalopo motsata mwambo, kulimapo mosabera wina kwa zaka zosachepera khumi, kapena kupempha ku boma. Pa chikalata, malire amayezedwa ndi akatswiri a Geografia e Cadastro, anthu a m'deralo atafunsidwa. Chithunzi chanu chingathandize ngati chongolozera pofotokozera amfumu kapena a ku SDAE, ofesi ya pa boma yoona za ulimi ndi chuma, koma mboni zimene zidaona agogo anu akulima pamenepo zimalemera kuposa pepalalo.

Mukapatsidwa manambala a malo, samalani zinthu zitatu. Ife tili kum'mwera kwa equator, ndiye nambala yoyamba imakhala ndi kamzere kochotsera patsogolo. Lembani -14.72, 34.36 mufika ku Ulónguè. Mukaiwala kamzereko mutera ku Sudan, ndipo mukasinthanitsa manambalawo mugwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco. Chachiwiri, akatswiri oyeza malo amakonda manambala a UTM, owerengera mamita. Musinthe pa Opções, tsamba la 3D, musankhe Universal Transverse Mercator. Chigawo chonse cha Tete chili mu zoni 36, koma chilembo chimasintha pa madigiri 16: Tsangano ndi Angónia ndi 36 L, mzinda wa Tete ndi 36 K. Chachitatu n'chobisika. Mapu akale a dziko lino adayezedwa potengera maziko otchedwa datum ya Tete, pomwe Google Earth ndi GPS zimatengera WGS 84. Manambala a pa mapu akalewo mukawalemba chilembere mu Google Earth, chizindikiro chigwa patali mamita oposa 100, mwina m'munda mwa msuweni wanuyo. Pepala lililonse la manambala muziyamba mwafunsa datum yake. Pulogalamu yaulere ya QGIS imatha kutembenuza.

Laputopu yanga ili ndi Linux Mint m'Chipwitikizi. Mnzanga ali ndi MacBook, mlongo wanga Chromebook. Tonse tikufuna kugwira ntchito imodzi ya kusukulu pa Google Earth. Pa yanga, malo amene mnzanga wanditumizira akugwera kutali.
*Wophunzira, mzinda wa Tete*

Achimwene, ya Mac n'njosavuta: fayilo ya dmg, kutsegula, kutsatira zimene ikunena. Ngati MacBook yake ndi ya M1 kapena yatsopano kuposa apo ndipo yapempha Rosetta, kapulogalamu ka Apple koyendetsa mapulogalamu opangidwira ma Mac akale, avomere. Pa Chromebook achemwali anu asavutike ndi Pro, angotsegula earth.google.com mu Chrome. Mtundu wa m'burawuzawu udatuluka mu 2017, ndipo kuyambira 2020 umayendanso mu Firefox ndi Edge. Umafuna intaneti nthawi zonse ndi WebGL, njira imene burawuza imajambulira za 3D. Ukakana pa kompyuta ina iliyonse, yatsani hardware acceleration m'makonzedwe a burawuza. Pa Windows 7 musaudalire, popeza Chrome idaima pa nambala 109 kumeneko.

Pa Mint kapena Ubuntu mumatsitsa fayilo ya deb ya 64-bit, n'kulemba mu terminal, muli m'foda imene yatsikira, sudo apt install ./google-earth-pro-stable_current_amd64.deb. Kadontho ndi kamzere koyambirirako musasiye, apo ayi apt ikafuna dzinalo pa intaneti n'kulephera. A Fedora atenge ya rpm. Zenera likatuluka lakuda pa Ubuntu yoyendera Wayland, tulukani mulowenso posankha Xorg pa sikirini yolowera, ngati mtundu wanu uli nayo.

Malo ogwera kutaliwo, wolakwa ndi vírgula. Chipwitikizi chimalemba 14,72 pomwe mafayilo a KML amalemba 14.72 ndi kadontho. Pa makompyuta ena a Linux pulogalamuyi imatsatira chilankhulo cha kompyuta, ndiye ikafika pa kadontho imaleka kuwerenga n'kutenga 14 yekha. Digiri imodzi ndi makilomita 111, choncho kutaya 0.72 n'kusochera makilomita pafupifupi 80. Itseguleni kuchokera mu terminal polemba LC_NUMERIC=C google-earth-pro. Malo akabwerera m'malo mwake, ikani mawu omwewo mu kabatani kotsegulira pulogalamuyo, patsogolo pake mutalemba env.

Vírgula yemweyu amavutitsanso a Windows. Google Earth Pro imalandira mndandanda wa malo wa CSV kudzera pa Ficheiro, Importar, koma Excel ya Chipwitikizi imasunga manambala ndi vírgula n'kulekanitsa mizati ndi ponto e vírgula (;). Tsegulani fayiloyo mu Bloco de Notas, musinthe vírgula aliyense akhale kadontho, ndipo poilowetsa muuze pulogalamu kuti cholekanitsa ndi ponto e vírgula.

Pogawana ntchito gwiritsani KML kapena KMZ, zimene zimatseguka pa makompyuta atatu onsewo. KMZ ndi KML yomweyo yopanikizidwa pamodzi ndi zithunzi zake. K ameneyo akuimira Keyhole, kampani imene idayambitsa pulogalamuyi, Google isanaigule mu 2004 n'kuitulutsa ndi dzina latsopano mu 2005.

Ndidaika zizindikiro pa mijigo ndi zitsime zoposa 200 za m'dera lathu. Kompyuta idapita kokonzetsa, adaifomata, zonse zapita. Ndidalowa ndi Gmail yanga koma sizikubwera.
*Mlembi wa komiti ya madzi, Zóbuè*

Alembi, mu Google Earth Pro zizindikiro sizikhala mu Gmail. Zonse zili m'fayilo imodzi pa disiki, myplaces.kml, mu foda ija ya AppData\LocalLow\Google\GoogleEarth, pambali pake pali ina yosungira yotchedwa myplaces.backup.kml. Pa Mac ili mu Library, Application Support, Google Earth, ndipo pa Linux ili mu foda yobisika ya .googleearth.

Chiyembekezo chilipo chimodzi. Tsegulani C: muone ngati muli foda ya Windows.old. Amisiri akaika Windows yatsopano pamwamba pa yakale osafufuta disiki, mafayilo akale amatsalira m'menemo, pansi pa Users ndi dzina lanu lakale. Fulumirani, chifukwa Windows imadzaifufuta yokha. Mukaipeza myplaces.kml, ikopereni pa flashi kaye, kenako muitsegule kudzera pa Ficheiro, Abrir. Ilowa pansi pa Locais temporários, ndipo zokhala pamenepo zimatayika mukatseka pulogalamu osasunga, ndiye ikokereni m'mwamba pa My Places. Windows.old ikasowa, lekani kusunga zatsopano pa kompyutayo, amisiri ayese pulogalamu yofukula mafayilo ofufutidwa monga PhotoRec. Pa disiki ya SSD mwayi ndi wochepa. Funsaninso a m'komiti ngati mudatumizirapo wina fayilo ya KMZ pa WhatsApp.

Mukayambiranso, gawani mijigoyo m'mafoda a midzi. Tsiku lililonse mukamaliza, dinani Ficheiro, Guardar, musunge My Places, chifukwa magetsi akazima pulogalamu ili yotsegula zimene mwaika tsikulo zitha kupita. Lachisanu lililonse dinani batani lakumanja pa My Places, musankhe Save Place As, m'Chipwitikizi Guardar local como, mulembe dzina lokhala ndi tsiku, n'kudzitumizira fayiloyo pa imelo. Zizindikiro 200 zopanda zithunzi sizifika ndi mega imodzi yomwe.